TIUZENI AZAKHALI: Digiri inayi ndiitenge liti?

Sabata ino ndalandira makalata atatu kuchokera kwa anthu osadziwana, koma onse akulira chinthu chimodzi: munthu amene akuphunzira udokotala, kapena amene anamaliza kale, digiri ina yoonjezera aitenge nthawi yanji? Ndawaika pamodzi makalatawa kuti muone nokha kuti funso limodzi limatha kukhala ndi mayankho atatu. Inu amene mulibe mwana kusukulu ya udokotala musafulumire kutembenuza tsamba, poti nkhani ya ndalama, banja ndi abale imene ili m'menemu ndi ya tonsefe.

Ndiime kaye kapena ndimalize?

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24 ndipo ndikuphunzira udokotala ku Blantyre. Panopa ndikumaliza chaka chachinayi, moti kwangotsala chaka chimodzi kuti ndilandire digiri yanga ya MBBS. Chaka chatha ndinathandiza aphunzitsi anga ena pa kafukufuku wa malungo a ana, ndipo anzawo ochokera kunja amene ankagwira nawo ntchitoyo anasangalala nane kwambiri. Tsopano andiuza kuti pali mwayi woti ndipite kunja kwa chaka chimodzi kukachita digiri ya kafukufuku. Ati fizi ndi tikiti ya ndege adzalipira okha, ndipo ndikabwerako ndidzapitiriza chaka changa chomalizacho.

Vuto langa ndi ili. Bambo anga anamwalira ndili Fomu 2. Mayi anga amagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu kwathu ku Ntcheu. Ndili ndi ang'ono anga awiri ndi mlongo wanga mmodzi, onse maso ali pa ine. Ndilinso ndi ngongole ya boma ya fizi. Komanso mnyamata amene tinachita naye chinkhoswe akuti watopa n'kudikira, ndikangokwera ndegeyo ndiye kuti zathu zathera pomwepo.

Anzanga akuti ndikakana mwayi umenewu ndine wopusa. Mayi sindinawauze. Tulo sindikuona, Azakhali. Nditani?

Wosowa chogwira,
Blantyre.

Mwana wanga,

Choyamba landira ulemu wako. Mwana wa mayi wogulitsa tomato kufika chaka chachinayi cha udokotala, mpaka akadaulo n'kumamulozera chala kuti uyu ali ndi mutu, si zamasewera. Anzako akuti ndiwe wopusa ukakana, ine ndikuti wachita nzeru kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Tiye tiwerenge zaka poyamba. Ukamaliza MBBS sunathe ayi. Pali internship ya miyezi 18 m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central, ndipo ndi pambuyo pake pamene bungwe la Medical Council of Malawi limakulembetsa ngati dokotala wodziimira payekha. Ndiye kuchokera lero uli ndi zaka ziwiri ndi theka kuti ufike pamenepo. Ukapita kunjako zikhala zitatu ndi theka. Anthu akamati "zonse tilipira ife" amanena fizi ndi ndege. Koma mtengo weniweni wa ulendowu ndi malipiro a miyezi 12 amene achedwe kulowa m'nyumba ya mayi ako. Amene alipire mtengo umenewo ndi ang'ono ako aja, mwina wina atsala pakhomo chifukwa cha fizi. Uwerenge zimenezo pa pepala, ndi cholembera, osati mumtima.

Chachiwiri, taona malo amene akufuna uimirepo. Maphunziro a udokotala ali pawiri. Zaka zoyambirira zimakhala za m'kalasi ndi mulabu, kuphunzira thupi la munthu ndi matenda. Zomalizira ndi za m'mawodi, kumene manja, maso ndi makutu zimaphunzira: kumvetsera chifuwa, kupeza mtsempha pa dzanja la khanda, kuzindikira kuti mayi uyu akapanda kulowa mu fiyeta tsopano zinthu ziipa. Ku America, ophunzira amene amaphatikiza udokotala ndi PhD nthawi zambiri amaima atamaliza zaka ziwiri za m'kalasi, n'kuchita kafukufuku wawo, kenako n'kulowa m'mawodi osadukizanso, zonse pamodzi pafupifupi zaka 8. Amatero podziwa kuti luso la manja limachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pa mvula. Iwe akukuuza kuti uime pakati penipeni pa mawodi, ukabwerako n'kugwera m'mayeso omaliza, anzako amene mumawerengera limodzi atapita. N'zotheka kukhoza, koma ndi katundu wolemera.

Chachitatu, m'kalata yako muli mawu akuti "andiuza" ndi "ati", koma mulibe mawu akuti "andilembera". Mwayi wa pakamwa umauluka ndi mphepo. Digiriyo dzina lake ndi chiyani? Ikuperekedwa ndi yunivesite iti? Ndalama ya nyumba, chakudya, viza ndi zovala za m'nyengo yozizira ichokera kuti? Kusukulu kwako avomera kukusungira malo, ndipo alemba kalata yotero? A ngongole ya boma adziwitsidwa kuti waima? Popanda mapepala amenewa usayerekeze n'komwe kugula sutikesi. Kumbukiranso kuti lero, ngakhale wavutika zaka zonsezi, m'manja mwako mulibe digiri ina iliyonse. Utadwala kunjako, kapena ndalama za pulojekiti zitathera panjira, ungabwerere ndi satifiketi ya Fomu 4 yokha.

Ndiye maganizo anga ndi awa: maliza kaye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma usakane mwamwano kapena kungozimiririka. Pita kwa aphunzitsi akowo, uwathokoze, uwafotokozere za kwanu mosabisa, ndipo uwapemphe kuti mwayiwo akusungire mpaka utamaliza MBBS ndi internship. Uwapemphenso kuti upitirize kuwathandiza pa tchuthi, ndi kuti zotsatira za kafukufuku zikamasindikizidwa dzina lako lisasowepo. Anthu amene aona nzeru mwa iwe chaka chino adzaziona ndithu zaka ziwiri zikubwerazi. Akakwiya chifukwa wapempha kudikira, udziwiretu kuti amafuna manja ako otolera magazi, osati tsogolo lako.

Usaope kuti zitseko zitsekeka. Kafukufuku wa zaumoyo ali pakhomo pako pomwepo. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome lakhala likugwira ntchito ku Blantyre kuyambira 1995, ndipo madokotala achinyamata ambiri adutsira m'menemo mpaka kufika pa PhD. Thandizo la maphunziro monga la Chevening, la Commonwealth ndi la Beit Trust, lomwe limathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, limafuna munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba. Ukakhala ndi MBBS m'manja, iwe ndi amene udzasankhe.

Tsopano za mnyamatayo. Ngakhale ndakuuza kuti usapite chaka chino, usaganize kuti iye wapambana mlandu. Mawu akuti "ukapita zathera pomwepo" ndi oopseza, ndipo sakuyenera kutuluka m'kamwa mwa munthu wofuna kukwatira dokotala. Kutsogoloku kuli kugona kuchipatala, kutumizidwa kuboma lakutali, ndi zaka zina zinayi ngati udzafune ukadaulo. Amene akulephera kudikira miyezi 12 adzapirira zimenezo? Itanani ankhoswe, mukhale pansi, umuuze poyera kuti sukulu yako sithera pa MBBS. Yankho lake ulimvetsere bwino ukwati usanachitike. Ndipo mayi ako uwauze zonse. Anakulera ndi ndalama ya tomato, nkhani iyi singawalemere.

MPH kapena MMed?

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 31, dokotala pa chipatala china cha boma m'chigawo chapakati. Ndinamaliza internship ndipo ndagwira ntchito kuno zaka zitatu. Masana ndimakhala m'misonkhano ndi kulemba malipoti, usiku amandidzutsa kukachita opaleshoni amayi ovutika pobereka. Mtima wanga umakonda fiyeta ndipo ndimalota zodzakhala katswiri wa maopaleshoni, koma MMed ndi zaka zinayi. Anzanga amene anachita Masters ya Public Health analowa m'mabungwe, lero akuyendera magalimoto akuluakulu pamene ine nyumba yanga yaima pa windo. Ndikuganiza zoyamba ndachita MPH kuti ndipezeko kandalama, MMed ndidzachite pambuyo. Mayi a kunyumba ndi oyembekezera mwana wathu wachiwiri ndipo akuti za sukulu ndiiwale kaye mpaka nyumba ithe. Kodi ndiyambe chiti, ndipo liti?

Dokotala wotopa,
Chigawo chapakati.

Adokotala,

Inu nthawi yanu yakwana. Mtsikana wa pamwambayo ndamuuza kuti adekhe, koma inu ndikuti mukachedwa mupeza mwana atakhala wachitatu, nyumba ikufuna mpanda, ndipo mabuku akukubweretserani tulo. Zaka ziwiri kapena zitatu pa chipatala cha boma ndi sukulu yokwanira kumuonetsa munthu chimene amakonda. Ndipo inu mwadziyankha kale m'kalata yanu: mtima wanu uli ku fiyeta.

Madigiri awiriwa amapita kosiyana. MMed imakusandutsani katswiri wa nthambi imodzi, kaya maopaleshoni, matenda a ana, a amayi kapena a akuluakulu, ndipo mumakhalabe pambali pa bedi la wodwala. MPH imakuchotsani pa bedi limodzi n'kukupatsani boma lonse kapena dziko lonse: katemera, madzi aukhondo, kuwerenga kumene mliri ukulowera ndi kugawa ndalama zochepa m'malo ambiri. Musaipeputse ntchito imeneyi. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anationetsa kufunika kwa anthu odziwa zimenezi. Koma munthu aichite chifukwa akuikonda, osati chifukwa cha galimoto ya mnzake.

Nzeru yanu yoyamba ndi MPH kuti MMed ibwere pambuyo ikumveka yokoma, koma ili ndi msampha. Munthu akazolowera malipiro a bungwe, ana n'kulowa sukulu zolipira, kubwerera ku malipiro a wophunzira ndi kugona kuchipatala kumavuta zedi. Manjanso amakhala ataiwala mpeni. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. MMed imafuna thupi la mnyamata, lotha kuima maola ambiri ndi kudzuka pakati pa usiku. MPH mukhoza kudzaichita muli ndi imvi, ndipo idzakukomerani kwambiri mutakhala kale katswiri woyang'anira dipatimenti. Choncho wofuna kukhala katswiri wa maopaleshoni ayambe ukadaulowo.

Simukuyenera kuwoloka nyanja kuti muupeze. Sukulu ya College of Medicine, yomwe inatsegulidwa mu 1991 ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences, imaphunzitsa MMed konkuno. Palinso njira ya COSECSA, bungwe la akatswiri a maopaleshoni la maiko a kuno kwathu lomwe linayamba mu 1999, limene limaphunzitsa madokotala ali pa ntchito m'zipatala zovomerezeka. Mutati mwasintha maganizo n'kufuna Masters ya chaka chimodzi ku Britain, dziwani kuti Chevening imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri.

Digiri ili ngati kiyi, muyambe mwadziwa chitseko chimene mukufuna kutsegula. Dr Hastings Kamuzu Banda anamaliza udokotala ku Meharry Medical College ku America mu 1937, koma anapitanso ku Edinburgh n'kupata mapepala ena mu 1941, chifukwa popanda amenewo sakanaloledwa kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Angerezi. Ankadziwa chimene pepala lachiwirilo likamutsegulire.

Musanachoke konzani zinthu zitatu. Tchuthi cha maphunziro chikhale cholembedwa ndi mabwana anu, ndipo muwerenge bwino pangano la zaka zimene mudzagwirire boma mukamaliza. Muwadziwitse msanga kuti apeze wolowa m'malo mwanu, poti amayi amene mumawapulumutsa usiku aja sadzasiya kubereka chifukwa inu mwapita kusukulu. Chachikulu, mayi a kunyumba. Iwo sakudana ndi sukulu yanu, akuopa kutsala okha ndi khanda m'nyumba ya lendi. Musawauze ngati chilengezo cha pa wailesi. Khalani nawo pansi ndi pepala: ndalama yolowa pamwezi idzakhala yotani, banja lidzakhala kuti, nyumba ifoleredwe kaye kapena idikire. Mwanayo abadwe muli pomwepo, mafomu mukulemba. Zaka zinayi zimatha, koma mkazi amene sanafunsidwe saiwala.

Kodi mwana wanga walephera?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ku Malawi koma ndakhala ku England zaka zoposa 20. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Mwana wanga wamwamuna ali chaka chachitatu cha udokotala konkuno. Tinkadziwa kuti maphunziro ake ndi a zaka zisanu, koma tsopano akuti akufuna kuima chaka chimodzi achite digiri ina, ati intercalation, ndiye amaliza m'zaka 6. Ine ndikukayika. Kodi si kuti walephera mayeso ndipo akundibisira? Kumudzi ndinawauza kale chaka chimene amalize, ndiye ndikawauza chiyani? Ngongole yakenso ikungokula.

Mayi wodandaula,
Leeds.

Amayi,

Mtima ukhale m'malo. Chimene mwana wanu wanenacho chilipodi, ndipo ku Britain n'chofala. Wophunzira amaima chaka chimodzi, kawirikawiri akamaliza chaka chachiwiri, chachitatu kapena chachinayi, n'kuchita digiri ya BSc kapena Masters pa phunziro limene walikonda, kenako n'kubwerera pamalo pake. M'mayunivesite ena monga Oxford, Cambridge, Imperial, UCL ndi Edinburgh chaka chimenechi chili m'kati mwa maphunziro a aliyense, n'chifukwa chake kumeneko udokotala ndi wa zaka 6. Wolephera mayeso amabwereza kalasi, sapatsidwa mwayi wa digiri ina. Ngati mukukayikabe, mupempheni mwachikondi akuonetseni kalata ya kuyunivesite, osati ngati wapolisi wofufuza mbava.

Mwina mukudabwa kuti bwanji mtsikana wa ku Blantyre ndamuletsa koma wanuyu ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko njirayi ndi yolambulidwa kale. Malo ake amasungidwa, anzake ambiri amaima naye limodzi n'kubwerera limodzi, ndipo palibe ang'ono ake amene atsale pakhomo podikira malipiro ake.

Komabe mafunso awiri mumufunse. Loyamba: ukufuna digiriyi chifukwa chiyani? Kale inkawonjezera mapointi pofunsira ntchito yoyamba ya udokotala ya Foundation Programme, koma kuyambira 2023 zimenezo zinatha. Akati akufuna kuphunzira kafukufuku, kapena pali nthambi imene akuilakalaka, chimenecho ndi chifukwa chomveka. Akati "anzanga onse akuchita", muuzeni aganizenso. Akati watopa ndipo akufuna kupumako ku mawodi, musamukalipire, mumvetsereni, chifukwa ana ambiri amavutika mumtima mwakachetechete.

Lachiwiri: alipira ndani? Fizi ya ophunzira a ku England inafika £9,535 pa chaka mu 2025, osawerengera nyumba ndi chakudya. Kwa ophunzira oyenerera, NHS Bursary imayamba kulipira fizi kuyambira chaka chachisanu cha maphunziro. Ndiye kuima atamaliza chaka chachitatu ndi kuima atamaliza chachinayi kukhoza kusiyana pa nkhani ya amene alipire chaka chimenecho. Apite ku ofesi yoona za ndalama za ophunzira akamve zonse asanasaine kalikonse, kuti inu musawonjezere mashifiti a usiku mpaka msana kuthyoka.

Za kumudzi zisakudetseni nkhawa. Auzeni kuti mwana adzatuluka ndi madigiri awiri, muone ngati pali amene adzadandaule.

Owerenga anga, musanathamangire digiri ina iliyonse dzifunseni: ikanditsegulira chitseko chiti, chaka chimenecho alipire ndani, ndipo zimene andilonjezazi zalembedwa? Makolo, ana athu akabwera ndi nkhani zotere tiyambe tamva tisanaweruze. Pitirizani kundilembera, dzina lanu silidzatuluka. Tikumanenso Lamulungu likudzali.

Ndine wanu,
Azakhali.